Tisamaumire pa waya poika sola

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi anzanga amene akugula sola masiku ano, chifukwa zimene zinatsala pang'ono kunditenthera nyumba zikhoza kugwera wina aliyense.

Ine sola ndinaika mu 2022, namondwe wa Ana atawononga Kapichira, magetsi akumatha maola ambirimbiri osayaka. Mayi a kunyumba amagulitsa mafizesi, ndiye fuliji ikakhala yozima tsiku lonse, mpamba umapita. Ndinagula mapanelo awiri, batire la 12 volts, controller (kachipangizo kowongolera moto wochokera ku mapanelo polowa m'batire) ndi inveta ya 1000 watts (chipangizo chosintha moto wa batire kukhala wonga wa ESCOM). Zinthu zimenezi ndinazungulira nazo masitolo anayi ku Limbe kufunsa mitengo. Za waya sindinafunse munthu. Mnyamata amene anabwera kudzalumikiza anati waya wa 2.5 (nambalayi ndi kunenepa kwa waya) umene unatsala pomanga nyumba ukwanira, ine n'kuvomera.

Patatha miyezi itatu, madzulo ena mwana wanga wamkazi akusita yunifolomu, anandiitana kuti kukununkha pulasitiki wopsa. Nditalowa kuchipinda kumene kumakhala batire ndinapeza waya wopita ku inveta utafewa ngati chingamu, chikopa chake chikudontha pansi, mkuwa uli poyera. Pambali pake penipeni panali matumba athu a chimanga. Ndinazimitsa inveta n'kumasula wayawo ndi sipanala, manja akunjenjemera. Pa mzere wonsewo panalibe fyuzi ngakhale imodzi yoti ikanadula moto.

Ndinaitana katswiri wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi. Bamboyo sanayambe n'kukonza. Anang'amba chikatoni cha inveta n'kundilembera masamu amene ndikufuna owerenga awaone. Ayironi ya 1000 watts pa magetsi a ESCOM a 230 volts imakoka ma amps (muyeso wa moto wodutsa m'waya) ongopitirira 4. Ayironi yomweyo ikamadya za batire la 12 volts, waya wa pakati pa batire ndi inveta umasenza ma amps opitirira 80. Waya wa 2.5 malire ake ndi ma amps cha m'ma 20. Apa m'pamene ambiri timasochera. Timaganiza kuti poti batire silikugwira munthu ukalikhudza, moto wake ndi wochepa, pomwe mbali ya batireyo ndi imene imafuna waya wonenepa kuposa wina aliyense m'nyumbamo. Anandiikira waya wonenepa wa 25, waufupi wosafika mita, nsonga zake zofinyidwa bwino m'timphete ta mkuwa, ndi fyuzi pafupi ndi mutu wa plus wa batire. Anati fyuzi ikakhala kutali ndi batire, waya wonse wapakatipo umakhala wopanda mlonda.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndikanafunsa ndisanagule, ndikanatenga inveta ya 24 volts. Mabatire awiri a 12 volts ukawalumikiza plus wa ili ku minus wa linalo, ma volts amaphatikizana kukhala 24, ndipo ma amps a katundu yemweyo amatsika ndi theka. Waya satenthanso chimodzimodzi. Koma mabatirewo akhale ofanana kukula ndi msinkhu womwe, chifukwa lakale limakokera latsopano pansi. Nkhani imeneyi imagamulidwa ndalama zisanachoke m'thumba, poti inveta ya 12 siingasanduke ya 24. Amene muli ndi fuliji kapena mukulingalira za pampu ya madzi, yambani mwaganizira pamenepa.

Padenga napo panali zake. Mawaya a mapanelo anangowapota ndi manja n'kukulunga jumbo, ndipo mvula itadutsa mkuwa unali utabiriwira. Anaikapo timapulagi tija amati MC4. Mapanelo enieniwo anagonekedwa mmene malata anapendekera, kuyang'ana kummwera, pomwe kuno kwathu ayenera kuyang'ana kumpoto, kumene dzuwa limadzera mu June ndi July. Nthambi ya mango imene inkaphimba ngodya imodzi tinaisadza tsiku lomwelo. Anandiuzanso kuti polumikiza controller uyambe ndi batire, mapanelo pambuyo, ndipo inveta isamatengere moto pa timabowo ta load ta controller koma ku batire.

Ogulitsa zipangizozi ndikuwapempha kuti munthu akagula batire ndi inveta, azimuuza pomwepo kukula kwa waya ndi fyuzi yoyenera. Sitolo zonse zinayi zija panalibe amene ananditchulira fyuzi. A MERA nawo atiuzeko pawailesi mmene munthu wakumudzi angadziwire kuti womuikira sola ali ndi chiphaso, chifukwa anyamata ambiri amene akukwera madenga athu anangophunzira poonerera. Sindikuwanyoza, akusaka chakudya, ndipo ambiri atapatsidwa mwayi ku sukulu za TEVETA angakhale amisiri abwino.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera lero ndi ichi. Mnzanga wina wapafupi, magetsi akazima amatenga waya wa mapulagi mbali zonse ziwiri, uku kubaya mu inveta, uku mu soketi ya pakhoma, kuti nyumba yonse iyake. Akaiwala kugwetsa main switch, moto wakewo umabwerera mu mawaya a ESCOM, kumene mwina kuli munthu pa pholo amene akudziwa kuti anazimitsa. Magetsi akabwera mwadzidzidzi inveta imapsa, ndipo mano a pulagi yachiwiri ija amakhala ndi 230 volts ali pamtunda, m'nyumba ya ana aang'ono. Pamafunika swichi ya changeover, imene imalola nyumba kudya mbali imodzi yokha, ESCOM kapena sola. Ndamuuza kawiri, ndinamuonetsa ndi waya wanga wopsa uja, koma akuti iye saiwala. Nyuzipepala yanuyi amawerenga sabata iliyonse.

Mphunzitsi wopuma,
Balaka