Tifunse kaye tisanadule mitengo ikuluikulu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mchitidwe womwe wafala kuno ku Nkhotakota wogwetsa mitengo ikuluikulu popanda kufunsa ngati lamulo likulola. Ambiri a ife timakhulupirira kuti mtengo uliwonse umene uli pamunda kapena pakhomo pathu tingathe kuudula tsiku lililonse lomwe tafuna, ndipo ocheka matabwa akabwera ndi makina awo n'kutchula ndalama, nkhani imathera pomwepo. Chikhulupiriro chimenechi n'choona pang'ono chabe, ndipo chingathe kufikitsa kukhoti munthu yemwe sanabe kanthu ka wina aliyense.

Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe aphungu analiunikanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango zake, limavomereza kuti amene wadzala kapena kusamalira mtengo pamalo omwe ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito ndiye mwini wake. Pa bulugamu, malaina ndi keshya zomwe munthu anadzala yekha sipakhala mkangano. Nkhani imasintha tikafika pa mitengo yachilengedwe, chifukwa mitundu ina monga mbawa, mlombwa, msambamfumu ndi muwanga ili pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa, ndipo imeneyi ndiyo yomwe akalipentala ndi osema mabwato amaifuna kwambiri. Ngakhale mtengo wachilengedwe utakhala kuti suli pa mndandandawo, kunyamula matabwa ake kupita nawo kwina kumafuna chilolezo, monganso kuotcha makala kumafuna laisensi. Munthu akagwidwa pamsewu wa M5 alibe kalata, matabwa ndi zida zimalandidwa, ndipo mawu oti “mtengowo unali m'munda mwanga” samupulumutsa.

Si mtundu wa mtengo wokha umene umauteteza. Ife a kuno tiyenera kudziwa zimenezi kuposa anthu a maboma ena, chifukwa pa boma pathu pali mikuyu imene mbiri imati pansi pake David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mkulu wa ogulitsa akapolo, pamodzi ndi mafumu a Achewa m'zaka za m'ma 1860, n'kukambirana zothetsa malonda a akapolo amene ankawolotsedwa panyanja kuchokera pa doko la Nkhotakota. Mlendo wosadziwa angaone mkuyu wokalamba ngati mikuyu ina yonse, womwe thabwa lake silikoma ndipo mizu yake imang'amba maziko a nyumba. Komatu mtengo wotere umatetezedwa ndi lamulo losunga zinthu zakale, ndipo kuudula kapena kuuwononga ndi mlandu, posatengera kuti malowo ndi a ndani lero. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti malo ambiri oyandikira nyanja akugulidwa ndi anthu ochokera kutali omwe akufuna kumanga nyumba zogona alendo, ndipo choyamba chimene amachita ndi kulambula chilichonse choimirira. Wogulitsa malo kawirikawiri safotokoza kuti pansi pa mtengo wakutiwakuti ndi pamene panali bwalo la amfumu, kapena kuti msitu uli kumapetowo ndi manda akale. Mitengo ya kumanda ndi ya kudambwe siinalembedwe yonse m'mabuku a boma, koma palibe Mchewa amene angaikepo nkhwangwa amfumu asanalole, ndipo wogula malo amene wanyalanyaza zimenezi amayamba ndi udani umene sutha msanga.

Malo amene mtengo waimirira nawonso ali ndi mawu. Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje monga Bua, Kaombe ndi Dwangwa ndiyo imagwira nthaka madzi akasefukira, n'chifukwa chake malamulo amaletsa kudula mwachisawawa m'magombe. Kuchokera pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya nyama ya Nkhotakota mu 2015 n'kumanga mpanda, anthu ena anayamba kuganiza kuti chilichonse chakunja kwa waya n'chaulere. Sizili choncho, chifukwa kunjako kuli nkhalango za m'midzi zomwe zili ndi makomiti ndi malamulo awoawo ogwirizana ndi boma.

Sindikunena kuti mtengo waukulu usamadulidwe zivute zitani. Pali mitengo ina imene yafumbwa mkati, yapendekera padenga la nyumba kapena la sukulu, ndipo mwera ukawomba kapena mvula yamkuntho ikafika ingathe kupha anthu. Koma ngakhale pamenepa njira yake ndi yomweyo. Munthu ayambe wadziwitsa amfumu ndi komiti yoona zachilengedwe m'mudzi, kenako apite ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lake kuti alangizi adzauone mtengowo ndi maso. Nthawi zina iwo amapeza kuti kusadza nthambi zolemerazo n'kokwanira. Akavomereza kuti udulidwe, munthu apemphe kalata yolembedwa yokhala ndi chidindo ndi deti, chifukwa chilolezo cha pakamwa chimaiwalika tsiku la mlandu. Mwini mtengo asadalirenso mawu a wocheka matabwa akuti “mapepala ndili nawo”, koma awaone yekha mapepalawo, popeza wochekayo akanyamula matabwa n'kuchoka, chitsa chimatsala pakhomo pa mwini munda ndipo ndiye woyamba kufunsidwa.

Pomwe tikulimbikitsa anthu kufunsa, boma nalo lichite mbali yake kuti kufunsako kukhale kotheka. Malamulowa analembedwa m'Chingerezi, mayina a mitengo ali m'chilankhulo cha asayansi, ndipo mlimi wa kwa Mwansambo kapena msodzi wa ku Chia sangawononge ndalama ya ulendo kupita ku boma kukangofunsa ngati mtengo wake uli pa mndandanda. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timamva uthenga wodzala mitengo pa wailesi ndi m'misonkhano, koma sitimva wina akuwerenga mayina a mitengo yoletsedwa kudula. Chingavute n'chiyani kuti mndandandawo usindikizidwe m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chiyao, upachikidwe kwa mafumu, m'misika ndi m'madoko momwe mabwato amasemedwa, komanso uwerengedwe pa wailesi ya Nkhotakota Community Radio? Kulanga munthu kaamba ka lamulo limene sanapatsidwe mpata wolidziwa kumabala mkwiyo, ndipo wokwiya amadula usiku.

Ndikupempha akuluakulu a dipatimenti ya zankhalango kuti ayankhe kudzera m'nyuzipepala yomwe ino, atiuze mitengo yonse imene ili yotetezedwa, ndalama zimene munthu amalipira kuti apeze chilolezo, komanso masiku amene ayenera kudikira alangizi ngati mtengo ukuopseza kugwera nyumba.

Nzika yokhudzidwa,
Nkhotakota