Kwa Naphiri, za chiliza cha apongozi ako

Naphiri mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti iwe, bambo a ana ndi zidzukulu zanga muli bwino. Uthenga wako wandipeza, woti alamu ako agwirizana zovundukula chiliza cha apongozi ako mu Ogasiti, ndipo iwe wanenetsa kuti phazi lako silikapondako. Ndisanakulangize kanthu, imva ichi kaye: sunalakwe kuwawidwa mtima. Anthu aja anakulakwira.

Ntchito unagwira ija si yaing'ono. Munthu wodwala sitiroko, wofa mbali imodzi, amafunika kumutembenuza maola awiri alionse, usana ndi usiku, apo ayi m'chiuno, kumsana ndi kuzidendene kumabuka zilonda zovuta kupola. Phala amamumwetsa atamukhazika tsonga, pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, chifukwa likasochera kunjira ya mpweya limadzetsa chibayo. Zofunda n'zochapa kawiri katatu pa tsiku. Iwe unachita zonsezi masabata asanu kuchipatala, ukugona pachitenje pansi, ukuphikira pamafuwa kumalo a magadiyani, kenaka miyezi isanu ndi iwiri kunyumba kwako, geni yako ya kaunjika itaima. Mayi aja anatsikira kulichete opanda chilonda ndi chimodzi chomwe, ndipo amayi amene anasambitsa thupi anaziona ndi maso awo. Koma tsiku loika, wolankhula m'malo mwa banja anathokoza amfumu, ampingo, adzukulu okumba manda, ndi alamu ako a ku Johannesburg amene anatumiza ya bokosi pa Mukuru. Iwe unali kuseri ukupakula nsima, dzina lako osamveka.

Uyenera kudziwa mmene zoterezi zimachitikira, chifukwa kuiwala ndi kunyoza ndi matenda awiri osiyana, mankhwala akenso ngosiyana. Pamaliro chimene chimamveka ndi chimene chalowa m'kope la chipepeso: dzina, mudzi, ndalama zakutizakuti, thumba la ufa, mtolo wa nkhuni. Kudzuka 2 koloko usiku kukatembenuza wodwala sikulowa m'kope. Wolankhulanso amamusankha chifukwa cha ukulu wake pamtundu, nthawi zambiri ndi munthu amene wafika dzulo lake kuchokera kutali, ndipo amanena zokhazo zimene amuuza akuluakulu atakhala pambali m'mawa wa tsikulo. Woyenera kupereka dzina lako pamenepo anali amuna ako, koma iwo anali namfedwa, mutu uli pagalimoto yonyamula thupi ndi ndiwo za anthu. Onjezerapo kuti ntchito ya mtengwa anthu amaiona ngati udindo wake basi, wosafuna zikomo. Zimenezi sizikuwayeretsa. Zikungosonyeza kuti mwina ena mwa iwo mpaka lero sakudziwa kuti uli ndi chakukhosi, amangodabwa kuti moni wako wafupika.

Tsono chimene chili pamtima pakocho uchimasule ngati mtolo, chifukwa muli zinthu zosiyana zimene wazimanga pamodzi.

Yamba ndi ndalama. Tenga pepala limodzi ulembe zimene zinatuluka m'thumba mwako: thiransipoti, mankhwala ogula, matewera a akuluakulu, sopo, makala. Ngati mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba akadali mufoni, akuthandiza masiku ake. Ukawonkhetsa, udzifunse wekha moona ngati inali ngongole kapena unapereka. Ngati inali ngongole, amuna ako akaitchule pamaso pa abale awo monga mmene ilili, osaonjezera. Ndikudziwa kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo ndalama ija lero singagule belo lomwe ikanagula kale, koma ukayamba kuwerengera zimenezo nkhani isanduka mkangano wa masamu, sudzawina. Ngati unapereka, ng'amba pepalalo ndipo usadzaitchulenso, ngakhale mutayambana. Chimene chimawononga anthu ambiri n'kusakaniza: munthu akufuna mawu oti zikomo, koma pakamwa pakutuluka za ndalama. Omva amangoti, "Kodi amafuna malipiro?" ndipo ntchito ya miyezi yonse ija amaiika pamtengo wa sopo.

Mawu othokoza ndiwo nkhani yeniyeni, ndipo ali ndi njira yake. Yambira kwa amuna ako, muli awiri, masana, ana kulibe, osati pakati pa mkangano wina. Usayambe ndi "abale anu". Mawu amenewo amamuimika mwamuna kumbali ya kwawo usanamalize n'komwe. Nena za iwe: "Ndinasamala mayi miyezi isanu ndi itatu, pamaliro sindinatchulidwe, ndipo zikundipwetekabe." Kenaka pempha chinthu chimodzi chooneka, choti munthu angathe kuchichita: kuti pachiliza, wolankhula adzanene amene anadwazika mayi. Dandaulo lopanda pempho limangozungulira, womva sadziwa kuti achite chiyani, mapeto ake amadziteteza.

Amuna ako apite okha kwa atsibweni awo, mwinimbumba, kukadali mwezi wathunthu, pamaso ndi pamaso osati pafoni. Mwezi ndi wofunika chifukwa ikafika sabata yomaliza aliyense amakhala akuthamangira simenti, mbuzi ndi amisiri, ndipo pempho lako lidzaoneka ngati chipongwe. Amuna ako akazengereza kapena akati zakale zisiye, usalumphe kukalankhula wekha ndi atsibweni. Itana ankhoswe. Ntchito yawo si ya maukwati ogwedezeka okha, ndi iwo amene angalankhule ndi akuchimuna popanda iwe kuoneka wamwano.

Pagulu la banja la pa WhatsApp usalembepo kanthu, ngakhale mwambi wokuluwika pa status. Mawu ojambula amawatumiza kwa ena atadula chiyambi chake, ndipo amene ali kunja, poti nawonso ali ndi manyazi awo osadwazika mayi wawo, amayankha mwaukali kuti abise manyaziwo. Ukawachititsa manyazi pagulu sangakuthokozenso, ngakhale akudziwa kuti ukunena zoona.

Konzekera yankho lililonse. Akhoza kugwidwa manyazi n'kukonza, ndipo zikatero ulandire ngakhale mawuwo atakhala awiri okha, usayese kulemera kwake. Akhozanso kunena kuti "tinathokoza onse". Zikatero wapempha kamodzi, mwanjira yake, basi. Osabwerezanso chaka chamawa.

Koma kuchilizako upite, yankho likhale lotani. Ukapanda kupita, mbiri itembenuka. Lero amene akudziwa amati mtengwa uja anasamala apongozi ake. Ukasowa tsiku limenelo, chimene chidzatsale m'makutu ndi choti mtengwa uja anakana chiliza, chifukwa mpando wopanda munthu aliyense amauona, pamene ntchito ya usiku anaiona ndi ochepa. Mandawonso ndi a agogo a ana ako, ndi kwawo kumene adzapite pa zabwino ndi zoipa. Sindikuti ukasenze khitchini yonse ayi. Sankhiratu ntchito imodzi, kaya kuphika ndiwo kaya kulandira amayi ampingo, uinene poyamba, ukamaliza ukakhale pamphasa ndi anzako.

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ana. Mwana wako wamkulu anakana kupereka moni kwa azakhali ake pa Khirisimasi, ndipo mawu amene ananena si a msinkhu wake, anawamva m'nyumba. Mangawa amakula ndi kubwereza. Nthawi iliyonse ukaifotokoza nkhaniyi, kwa mnzako pamsika, kwa woyandikana naye, kwa iwe mwini utagona, imaonjezera mnofu, ndipo alamu ako amaipiraipira kuposa mmene analili tsiku lija. Sankha munthu mmodzi womuuza, wamkulu wosunga pakamwa, ena onse uwasiye. Ana ukamawauza za agogo awo, auze zimene ankakonda kudya ndi nyimbo zimene ankaimba akudwala. Wanenanso kuti tulo sukupeza ndipo mutu ukumawawa kunkhongo. Pita ukayezetse BP sabata ino, usadikire za Ogasiti.

Apongozi ako aamuna nawo akukalamba, ndipo tsiku lina maso onse adzayang'ananso kwa iwe poti unaonetsa kuti umatha. Lisanafike tsikulo, amuna ako akhale pansi ndi abale awo agwirizane: odwazika azisinthana masabata awiriawiri, amene ali kutali azitumiza ndalama yodziwika pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse, ndipo zogula zonse zizilembedwa m'kope limodzi loti aliyense aone. Pamenepo ukhoza kuvomera gawo lako ndi mtima woyera, n'kukana lotsalalo popanda kukweza mawu.

Undiuze tsiku limene amuna ako apite kwa atsibweni awo. Bambo ako akuti ankhoswe akafunika awatumira uthenga okha. Ufa woyera wa kuchiliza ndikonza kuno, udzanyamule popita.

Ndine mayi ako.