Ukandiwonereko Zithunzi za Eni Dziko la Madzi Oundana

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako ndalandira. Ndaseka kwambiri powerenga kuti ku Winnipeg, ku Canada, mphuno imauma ukangosuzumira panja. Ife kuno ku Zomba chiperoni chokha tayamba kale kulira, manyazi ake! Kunyumba tonse tili bwino, mayi akupereka moni.

Wati Loweruka umasowa kopita. Upiteko ku Qaumajuq, nyumba ya zaluso za anthu a mtundu wa Inuit, eni dziko la madzi oundana la Arctic kumpoto kwenikweni, imene anaitsegula mu 2021 pa Winnipeg Art Gallery. Ine pano mtima wanga uli pa ojambula za ku Arctic.

Ndinayamba ndi Lawren Harris wa ku Canada, amene mu 1930 anakwera sitima ya Beothic kupita ku Arctic. Mapiri ake a ayezi ndi osalala, owala, okongola ndithu. Koma munthu mulibe, ngati dziko lopanda mwini.

Ndiye ndinapeza Aron wa ku Kangeq, ku Greenland. Ameneyu anali mlenje, ankasaka akatumbu a m'nyanja pa kabwato kachikopa, mpaka chifuwa chachikulu chinamugoneka. Cha m'ma 1858 Hinrich Rink, mkulu wa boma la Denmark kumeneko, anapempha anthu kuti atumize nthano zawo ndi zojambula. Aron anatenga pepala ndi utoto ali chidwalire. M'zithunzi zake muli anthu okhaokha: ena akupalasa, ena akumenyana, ena apanikizana m'kanyumba mozungulira nyale ya mafuta. Anamwalira mu 1869, ndipo zithunzi zambiri zinakakhala ku Denmark mpaka 1982 pamene anazibweza kwawo. Tangoganiza, zaka zonsezo adzukulu osaona ntchito ya agogo awo.

Amene wandigwira mtima kwenikweni ndi Annie Pootoogook, wa mtundu wa Inuit wa ku Kinngait, kumpoto kwa Canada. Iye ndi mapensulo achekeni ankajambula zimene ankaziona tsiku ndi tsiku: banja likuwonera TV, mayi akusankha zakudya mufiriji ya m'golosale, ngakhale nkhanza za m'banja osabisa. Alendo ambiri amafuna zimbalangondo ndi asodzi ovala zikopa, iye ayi. Mu 2006 anapata mphoto ya zaluso ya ku Canada yotchedwa Sobey.

Ukapita ku Qaumajuq ufunse ngati zake zapachikidwa. Ukapeza kapositikhadi kake undigulire, uike m'katundu uja ukutumiza pa Khirisimasi. Ndipo uzivala zipewa ziwiri, usamachite matama.

Ndine mnzako wa kalekale,
wa ku Zomba