Humbucker ayi amwene, mundimvetse kaye

Senga Bay, Salima

Amwene,

Kunyanja kuno tili bwino, kungoti mwera wavuta sabata ino. Mabwato ambiri ali pamtunda ndipo usipa wakwera mtengo.

Uthenga wanu ndinaulandira, ndipo ndathokoza kuti mukufuna kundigulira mapikapu a gitala, tizipangizo timene timatola kulira kwa nsambo kuti kumveke pasipika, musananyamuke ku Johannesburg. Koma pikapu ya mtundu wa humbucker mukunena kuti ithetsa phokosoyo ayi.

Zoti gitala yanga imasokosa sindikukana. Loweruka lapitali tinkaimba pa ukwati ku Kamuzu Road, muholo muli magetsi amachubu aja. Tikangomaliza nyimbo, sipika imayamba kuti ng'ooo ngati njuchi zalowa kudenga. Ndinapeza kuti ndikatembenukira kukhoma phokosolo limachepa, moti nyimbo zitatu ndinaimba nditafulatira akwati, azimayi operekera perekaniperekani akuchita kugwira nthiti. Ndi mmene single coil, pikapu ya koilo imodzi ngati za pagitala yangayi, ilili. Ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, wokulungidwa kambirimbiri pa maginito, ndiye imatola chilichonse cha magetsi chimene chili pafupi, osati nsambo zokha. Humbucker, imene Seth Lover anakonza ku kampani ya magitala ya Gibson m'chaka cha 1955, ili ndi makoilo awiri otsutsana, phokosolo n'kumaphana lokha. Mpaka apa mwalondola.

Vuto ndi mawu a humbucker. Ndi onenepa, olemera, abwino kwa anzathu a rock. Ife timadyera rumba ndi sungura, ndipo lidi imafunika izimveka nsambo iliyonse payokha, ngati mvula yoyamba pamalata. Ndinabwerekapo gitala ya humbucker kwa mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu. Titafika pa sebene, gawo lothamanga la rumba, mawu anga anangomira m'kiyibodi, ine ndemwe osadzimva.

Ndiye mundigulire seti ya ma single coil atatu a gitala ya mtundu wa Stratocaster, a maginito a alnico 5. A maginito a ceramic amene anabwera ndi gitala yotchipayi amakuwa kwambiri, makamaka ya kumunsi kufupi ndi bridge, pamene nsambo zimagwirira pathupi la gitala. Chachikulu mufunsitsitse kuti yapakati ikhale reverse wound, kutanthauza kuti waya wake anaukulunga mobwerera ndipo maginito anawatembenuza. Ikakhala yotero, switchi yosankhira mapikapu ikakhala pa 2 kapena pa 4 mapikapu awiri amagwirira limodzi, phokoso lija zii, koma mawu n'kukhalabe owala. Pa 2 ndi pa 4 mpamene ine ndimakhalira nthawi zambiri. Yanga yapakati si yotero, n'chifukwa chake kulikonse ndingaike switchi njuchi zija zimanditsatira.

Muwonjezerepo ma pot atatu a 250k, tizipangizo topotokola tokwezera voliyumu ndi kusintha mawu. Wogulitsa akakutulutsirani a 500k mukane, amenewo amayenda ndi humbucker, pa single coil amabaya makutu. Ma pot anga adyeka ndi dzimbiri. Chinyezi cha kuno mukuchidziwa, ndikangokhudza voliyumu amachita kuti kwerekwere mpaka abusa kundiyang'ana. Kapasita, kachipangizo kothandiza kusintha mawu, ikhale ya 0.047, ndipo ngati tepi ya kopa ilipo mutengeko mpukutu umodzi, timate m'kati monse mmene mumakhala mawaya kuti phokoso lichepe. Mkulu wokonza mawailesi ku boma uja wavomera kudzawotcherera, bola ndikhale pompo asasokoneze mawaya.

Mundiuze marandi ake nditumize msanga. Kabokosiko musakaike pansi pa katundu mubasi, mukasunge m'chikwama chapamiyendo, chifukwa waya wa koilo ukaduka m'kati pikapuyo yafa. Chambo chowamba ndakulankhulirani kale, mudzachipeza.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa lidi gitala.