Kwa Tadala, za phunziro lako la database

Tsangano, Ntcheu

Mwana wanga Tadala,

Kuno tonse tili bwino, kungoti chisanu chaonjeza chaka chino. Ndalama ya batire ya laputopu ndakutumizira pa Mpamba, undiuze ikafika.

Nkhani yanga ndi ija unanena pa foni, kuti phunziro la database, ija nkhokwe yosungiramo kaundula mu kompyuta, likukugwetsa ulesi, ungofuna kulikhoza mwa apo ndi apo kuti mphamvu zako zithere pa Python ndi Java, zilankhulo zolembera mapulogalamu. Pamenepo sindikugwirizana nawe. Kulemba pulogalamu sindikudziwa, koma ukalaliki wa pa chipatala ndinaugwira mpaka kupuma, kuyambira nthawi ya mabuku akuluakulu a kaundula mpaka makompyuta atabwera.

Pulogalamu ikaonongeka, mumakhala pansi n'kulembanso ina. Mbiri ya odwala ya zaka khumi ikasokonekera, palibe amene angaikumbukire pamutu. Kwathu kuno amayi awiri amatha kukhala ndi dzina limodzi, mfunda umodzi, mudzi umodzi, onse osadziwa tsiku lobadwa, koma mankhwala amene akumwa ndi osiyana. Chimene chinkawasiyanitsa ndi nambala ya wodwala basi, ija inu mumati primary key. Kalaliki akathamangira dzina osayang'ana nambala, mayi amapita kwawo ndi mankhwala a mnzake. Nazonso za normalisation, zokonza kuti chinthu chilichonse chizilembedwa malo amodzi okha, zimene ukuti n'zotopetsazo, ife tinkazilira tisanadziwe kuti zimaphunzitsidwa ku koleji. Chinthu chimodzi chikalembedwa malo asanu, wina amakonza malo amodzi n'kuiwala anayi, ndiye pofika mwezi wa lipoti kompyuta imodzi yomweyo ikukupatsa mayankho awiri otsutsana. Amene anakonza matebulo a mu database aja amakhala atapita kalekale, otukwanidwa ndi ife a pa windo.

Uganizirenso zitupa za unzika. Mu 2017 a NRB, ofesi yopereka zitupazi, analemba anthu oposa 9 miliyoni, ndipo lero nambala yomweyo ndi imene amafunsa polembetsa simu khadi, potsegula akaunti ku banki, pogula feteleza wotsika mtengo. Agogo ako sadziwa kuti database n'chiyani, koma mzere wawo umodzi utalakwika mmenemo, munda wawo ugona osathira.

Cashgate itaphulika mu 2013 unali wamng'ono. Anthu amakumbukira ndalama zopezeka m'mabuti a galimoto, koma kuba kwenikweni kunachitikira mu IFMIS, makina amene boma limalipirira. Ankalowetsa malipiro a makampani amene sanagulitse boma kanthu, cheke chikatuluka n'kufufuta umboni wake. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ife m'zipatala n'kumauza odwala kuti akagule okha mankhwala. Ndiye aphunzitsi ako akamakamba za yemwe ali ndi chilolezo cholowetsa, yemwe amavomereza, yemwe angafufute, ndi kaundula wosonyeza kuti wagwira pati ndani nthawi yanji, usamaone ngati zongolowezera mayeso. Munthu mmodzi asamakhale ndi makiyi onse, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo.

Patchuthi chija unandionetsa mmene munthu angalembere kamzere ka SQL, chilankhulo cholamulira database, pamalo polemba dzina, tebulo lonse n'kumutsegukira. Sunaone kuti chitetezo ndi database n'zolukana? Sungatseke khomo limene sukudziwa mmene analimangira. Mu February 2024 a Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Anthu ofuna kupita ku Joni ndi odwala oyembekezera kukalandira chithandizo kunja anakhala milungu ali kakasi. Funso limene ine ndinkadzifunsa ndi lachikalaliki: backup, kope lina la kaundula losungidwa padera, inali kuti? Iweyo uzolowere panopa. Ntchito ya kusukulu uzisunga malo awiri, ena osakhala mu laputopu yomweyo, ndipo nthawi zina uziyesa kuibwezeretsa, chifukwa backup yosayesedwa ambiri amaitulukira kuti ndi yopanda kanthu tsiku la tsoka.

Tsopano ya pabanja. Ndamva kuti msuweni wako anakupempha kuti umutsegulire WhatsApp ya mkazi wake. Umukane, ndipo usamupatse ngakhale nzeru ya mmene angachitire. Akalimbikira, umuuze kuti alankhule ndi ine, nkhani za banja zili ndi ankhoswe ake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limati kulowa m'makina a munthu popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo khoti silifunsa ngati anakutuma ndi m'bale. Chimodzimodzi anzako amene amayesera luso lawo pa netiweki ya koleji: zoyesera muzichita mu labu, pa makina amene aphunzitsi akupatsani. Pasiwedi yako usabwereke munthu, kaya ndi bwenzi kaya ndi bwana, pakuti chikalakwika dzina limene limatsala mu kaundula ndi lako.

Za ChatGPT sinditalikitsa. Uzifunsa pamene wasokonezeka, koma code imene sungathe kuifotokoza mzere ndi mzere usaipereke kwa aphunzitsi.

Amayi ako ali ndi pempho. Gulu lawo la banki nkhonde likuvutika ndi kope la masheya ndi ngongole, pogawana ndalama mu December pamakhala mapokoso chaka chilichonse. Akuti ukabwera uwakonzere kanthu kolembamo mamembala, masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja. Ndawauza kuti ubwera ndi matebulo utajambula kale papepala, kompyuta ibwere pambuyo. Dziwiratu kuti m'gulumo muli a Nangozo atatu, ndipo msungichuma sakufuna kuti mlembi azitha kusintha manambala payekha.

Upereke moni kwa azakhali ako ukapita ku Ndirande.

Ndine bambo ako.