Dandaulo pa ntchito ya penti ya ufa pa dashibodi ya galimoto ya MGB ya 1965

Kwa a Manijala,

Bwana,

Zitsulo zisanu zomwe munandiphikira penti ya ufa, ya powder coating ija, sizingamangidwe m'galimoto mmene zililimu. Ndikunena dashibodi yeniyeniyo, chitseko cha kabokosi kake, kachitsulo kotseka malo a wailesi, ndi mabulaketi awiri. Pepala la ntchito lomwe tinasainirana likunena momveka kuti penti ikhale yakuda ya makwinya ngati ya MGB zoyambirira zochokera ku fakitale ya ku Abingdon, kuti mabowo a mageji ndi mazinga a mabawuti zitsekedwe ufa usanapoperedwe, ndiponso kuti zitsulo zonse zilowe mu uvuni nthawi imodzi. Pa zonsezi chomwe chatsatidwa ndi mtundu wakuda wokha.

Ndiyambe ndi vuto lomwe likundiwawa kwambiri, poti penti munthu angathe kuichotsa koma chitsulo chikawonongeka kuchibweza n'kovuta. Dashibodiyi yapindika. Nditagoneka rula yachitsulo chopingasa pakati pa bowo la sipidomita ndi kabokosi, pansi pake pakutsala mpata wa mamilimita 4. Isanabwere kwa inu inali yowongoka, ndipo zithunzi zomwe ndinajambula tsiku lopereka katundu zikusonyeza zimenezo. Kumbuyo kwake, pamene penti yalowa pang'ono, chitsulo chikuoneka chokumbikakumbika, chizindikiro choti anapoperapo mchenga waukulu ndi mphepo yamphamvu, payipi ataiyimika pafupi. Chitsulo chopyapyala chotere mukachimenya mbali imodzi, mbali imeneyo imatambasuka ndipo chonsecho chimakhota. Chimafuna mchenga wosalala, mphepo yochepa, payipi yopendeketsa ndi dzanja losaima malo amodzi, kapena kungochotsa penti yakale ndi mankhwala.

Mabowo a mageji sanatsekedwe konse. Ufa waunjikana m'mphepete mwake, monga umachitira nthawi zonse m'mphepete mwa chitsulo momwe magetsi amaukoka kwambiri, poti ufawu umapoperedwa ndi mfuti youpatsa magetsi kuti umatirire pa chitsulo. Penti yokhuthala kota ya milimita m'mphepete imachepetsa bowo ndi theka la milimita, chifukwa ili mbali zonse ziwiri. Ndayeza ndi kalipa ndipo ndi momwemo: mageji aang'ono a mamilimita 52 akulowa mutu wokha n'kuima. Sindikuwakakamiza, chifukwa geji ya Smiths ya zaka zimenezo ukaikankha ndi mphamvu mkombero wake wa kromu umaphwanyika kapena galasi limang'aluka. Wantchito wanu pa foni anandiuza kuti ndingopala ndi fayilo. Kupala penti yophika kale kumaithothola m'mphepete, n'kusiya chitsulo pamtunda pomwe dzimbiri limayambira, ndipo ntchito imeneyo ndi yomwe ndinakulipirani kuti ndisadzaigwire.

Za mabawuti a kumbuyo ndiye zandikhumudwitsa kawiri. Onse akutidwa ndi penti mpaka kunsonga, nati sikuyenda ngakhale mazinga awiri. Aliyense wogwira ntchitoyi amadziwa kuti pa mazinga kukhuthala kwa penti kumawerengeredwa kanayi, kotero mamaikroni 100 okha, gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, akwanira kuti nati ikane. Timapulagi ta silikoni tovalika pa bawuti timapirira kutentha kwa uvuni ndipo kutivala sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe. Choipa kwambiri n'chakuti pa mabawuti awiri wina anayesa kukonza cholakwikacho podula mazinga ndi chida cha muyezo wa mamilimita. Galimoto za ku Britain za nthawi imeneyo zili ndi mazinga a mainchesi, a UNF. Mabawuti awiriwo tsopano mazinga ake aphwanyika, nati ikungozungulira osagwira, ndipo popeza ndi owotcherera ku dashibodi, kuwasintha kukufuna kuwotcherera kwina.

Malo omangapo waya wakuda wa earth wobwezera magetsi kudzera m'chitsulo, omwe ndinawazungulira ndi cholembera choyera, nawonso apentedwa. Penti ya ufa sidutsa magetsi. Waya ukamangidwa pamwamba pake, magetsi amasowa njira yobwerera, ndipo mwini galimoto amatha masiku akufunafuna vuto m'mawaya pomwe vutolo lili pansi pa washala.

Tsopano maonekedwe. Makwinya a penti yotereyi amadalira kukhuthala kwa ufa ndi mmene chitsulo chatenthera. Ufa ukachepa penti imatuluka yosalala ndi yonyezimira, ukachuluka makwinya amakula n'kukhala okhakhala ngati khungwa la mtengo. Pa dashibodi imodzi yomweyi muli zonse ziwiri: pakati makwinya ndi akuluakulu, m'makona a mkati pafupi ndi malo a chiwongolero penti ndi yosalala, mwina chitsulo chikuonekera ndithu. M'makona ufa umakana kulowa chifukwa magetsi amaukokera ku mbali zoyandikana, ndipo wopopera wodziwa amatsitsa mphamvu ya magetsi pa mfuti, n'kuyamba ndi makonawo asanapite poyera. Chitseko cha kabokosi chili ndi makwinya ang'onoang'ono osiyaniratu ndi a dashibodi, ndipo mukachiika pamalo pake chimaoneka ngati chachokera ku galimoto ina. Izi zikundiuza kuti chinaphikidwa padera. N'chifukwa chake ndinapempha kuti zonse zilowe pamodzi, poti diso la munthu wokhala pa mpando limaona ziwirizi moyandikana tsiku lililonse.

M'munsi mwa dashibodi, kumanzere, mwatuluka matuza asanu ndi awiri, lalikulu ngati nsonga ya chala. Nditaboola limodzi ndi singano ndinapeza phala lotsekera maenje la mtundu wa poliyesita, lomwe amaika pa bodi ya galimoto asanapente penti wamba. Phala limeneli silipirira madigiri 180 mpaka 200 a mu uvuni. Limatulutsa mpweya, limafufuma, n'kunyamula penti. Maenje a dzimbiri pa chitsulo chopita mu uvuni amawotcherera, kapena amathira phala lokhala ndi chitsulo lopangidwira kutentha koteroko. Sindinafunsidwe za phalali, ndipo silinalembedwe pa risiti. M'mbali mwa mabulaketi owotcherera mulinso timabowo ting'onoting'ono ngati tobaya ndi phini, momwe mafuta akale obisala pakati pa zitsulo ziwiri anawira n'kuboola penti. Kutenthetsa chitsulo chopanda penti mu uvuni kaye, pa kutentha kopitirira pang'ono kophikira, kukanatulutsa mafutawo ufa usanafike.

Pomaliza, mabulaketi awiri aja sanapse. Nditapukuta ndi kansalu konyowa ndi MEK, mankhwala oyesera ngati penti yapsa, maulendo 10 okha, kansaluko kanada bii ndipo penti inafewa. Penti yopsa bwino sichita zimenezo. Mabulaketiwa ndi okhuthala kuposa dashibodi ndipo amachedwa kutentha, kotero ndikuganiza kuti nthawi inayamba kuwerengedwa chitseko cha uvuni chitangotsekedwa, m'malo moyamba pamene chitsulocho chafika pa kutentha komwe wopanga ufa analemba.

Chomwe ndikupempha ndi ichi. Tengani zitsulo zonse zisanu pa ndalama zanu, muchotse penti ndi mankhwala. Musaiwotche mu uvuni wochotsera penti ndipo musapoperenso mchenga waukulu, chifukwa zonsezo zingowonjezera kupindika. Dashibodi iwongoledwe ndi mmisiri wa zitsulo za bodi, mabawuti awiri aja asinthidwe ndi ena a UNF a kukula komweko, phala lichotsedwe lonse ndipo maenje awotchereredwe. Ndikufuna kudzaiona ili chitsulo chokhachokha isanapentedwe. Musanakhudze dashibodi, poperani kachitsulo koyesera kokhuthala mofanana nayo kuti tigwirizane kukula kwa makwinya. Kenako mutseke mabowo, mazinga ndi malo a earth ndi tepi yopirira kutentha ndi timapulagi, zonse ziphikidwe pamodzi, ndipo mundilembere dzina la ufa womwe mwagwiritsa ntchito, kutentha kwake ndi mphindi zake.

Ngati simungathe kugwira ntchitoyi motere, ndiuzeni mosabisa, mundibwezere ndalama zonse zomwe ndinalipira, komanso mulipire kuwongola dashibodi ndi kusintha mabawuti kwa mmisiri yemwe ndisankhe. Ndaphatikiza kope la pepala la ntchito, risiti, ndi zithunzi 12 zosonyeza zitsulozi zisanabwere kwa inu ndi mmene zabwerera. Zitsulozo ndazisunga osazikhudzanso kuti mudzazione nokha. Chonde ndiyankheni polemba pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mwalandira kalatayi.

Ine kasitomala wanu,
Mwini wa MGB ya 1965