Chilengezo: Magiredi a matimu pambuyo pa draft

Mamembala nonse a ligi yathu ya FPL Draft,

Draft (kusankha osewera mosinthana) yatha, aliyense ali ndi osewera ake 15 mu masewera athuwa a Fantasy Premier League (FPL), opikisana pa mapoyinti a osewera enieni a ligi ya ku England. Magiredi, kuyambira A mpaka D, tiwatulutsa Lachisanu.

Chachikulu chomwe tikuyang'ana ndi mphindi zosewera. Wosewera akapanda kukwanitsa mphindi 60 amapeza poyinti 1 m'malo mwa 2, ndipo ngati ndi wotchinga kumbuyo, mapoyinti 4 a clean sheet (kusagoletsedwa) amamudutsa ngakhale timu yake isagoletsedwe. Dzina lotchuka lokhalira pa benchi likutsitsani giredi. Kumbukiraninso kuti mu Draft mulibe kaputeni (wosewera amene mapoyinti ake amawerengedwa kawiri), ndiye katswiri mmodzi sangakunyamuleni yekha.

Amene munathamangira goloboyi m'maraundi oyambirira, A muiwale. Magoloboyi abwino amatsala mpaka kumapeto, pomwe akutsogolo odalirika amatha msanga. Chigoli cha wapakati ndi mapoyinti 5, cha wakutsogolo 4, choncho wapakati womenya mapenate tikumuwerengera kwambiri. Mukakhala ndi otchinga atatu a kalabu imodzi tikuchotserani giredi, poti chigoli chimodzi chimawaphera clean sheet onse.

Ngati mwatola wovulala, tumizani pempho la waiver (lomusintha ndi wosewera amene sanatoledwe) nthawi isanatseke. Giredi ikatuluka sitidzaisintha.

Komiti ya ligi